Turbo yafa, ndalama n'zochepa: mmene mungaikire ina osaiphanso

Sabata siitha osabwera munthu pagalaja ndi nkhani yomweyi. "Amakaniko, galimoto yatha mphamvu. Ndikangodutsa pa Thabwa kuyamba kukwera phiri lopita ku Blantyre, ikumachita kukwawa pa giya 2, utsi kumbuyo ngati ayatsa munda wa nzimbe ku Nchalo. Akuti ndi turbo. Yotchipa ndingaipeze kuti?" Ena amaimba usiku ndili pamphasa panja kuthawa kutentha kwa m'nyumba, ena amatumiza chithunzi chosaoneka bwino pa WhatsApp. Pakamwa pauma n'kubwereza, ndiye ndalemba kamodzi. Wofunsanso ndizingomutumizira izi.

Ndikunena za galimoto za dizilo zimene zadzaza kuno kuchigwa cha Shire: Hilux ya injini ya 2KD kapena 1KD, Hiace, Nissan Hardbody, Isuzu KB ndi timalole ta Canter. Mitengo sindilemba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene akuuzani pafoni m'mawa umakhala utasintha musanawoloke n'komwe Kamuzu Bridge.

Musanagwire sipanala mvetsani kaye ichi. M'kati mwa turbo muli timagudumu tiwiri ta mapiko pa shafiti imodzi. Kena kamazunguzidwa ndi utsi wotentha wotuluka m'injini, kanzake n'kumakankhira mpweya wambiri m'injini momwemo. Shafitiyo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo m'magalimoto ambiri athuwa siikhala pa mabelingi a timipira ngati a njinga, imayandama pa kaoyilo kopyapyala kuposa tsitsi. Oyilo akachedwa masekondi ochepa, kapena akafika ndi zinyalala, basi kwatha. N'chifukwa chake ndimati turbo siifa yokha kawirikawiri, imachita kuphedwa, ndipo chimene chaiphacho chimatsala m'galimoto momwemo kudikira yatsopano imene mwagula ndi ndalama za thonje.

1. Tsimikizani kaye kuti yafadi ndi turbo

Ndabweza anthu angapo ndalama zawo zili m'thumba, turbo yawo ilibe mlandu. Utsi wakuda ndi kuchepa mphamvu nthawi zambiri zimangonena kuti injini ikuperewera mpweya. Yambani ndi fyuluta ya mpweya. Ngati mumayenda msewu wafumbi wa ku East Bank, mwina yangotsekeka. Kenako tsatirani mapaipi a labala ochoka ku turbo kupita ku intercooler (karediyeta koziziritsa mpweya wochokera ku turbo), n'kuchoka apo kulowa m'injini. Kutentha kwa kuno kumaumitsa labala. Pomwe paphulika pamakhala ponyowa ndi kaoyilo kakuda kosakanikirana ndi fumbi, ndipo mukaponda moto pamamveka kuti fuuu. Nthawi zina ndi kilampu chabe yamasuka. Pa injini za D-4D, monga 2KD ndi 1KD, onaninso EGR (valavu yobwezera utsi wina m'injini) ndi kasensa koyeza mpweya, zonsezi zimatsekeka ndi mwaye. Pa 1KD pali kamota kamagetsi kamene kamatsegula ndi kutseka timapiko ta m'kati mwa turbo. Kakafa kapena timapikoto tikagwidwa ndi mwaye, galimoto imafooka koma mtima wa turbo uli bwinobwino.

Zonsezi zikakhala bwino, yesani turboyo ndi zala. Injini ikhale yozimitsa ndi yozizira, makiyi m'thumba mwanu. Masulani paipi yaikulu yochokera ku fyuluta ya mpweya, muona kagudumu koyera ka mapiko. Gwirani nati ya pakati ndi zala ziwiri. Kugwedera pang'ono cham'mbali si vuto, bola mapiko asakhudze khoma. Koma mukakoka n'kukankha, shafiti isamayende. Ikamachita khokhokho, kapena mapiko athothoka, kapena pakhoma pali mikwasa yopalika, yafadi. Zizindikiro zina ndi kulira ngati ambulansi mukaponda moto, utsi wabuluu, ndi oyilo kumatha sabata iliyonse osaoneka pomwe akudontha. Kaoyilo kongonyowetsa m'paipi kasakuopseni, kameneko kamachokera ku paipi yopumira injini, imene timaitcha breather.

2. Sankhani chogula

Turbo yatsopano yeniyeni ya Toyota, Garrett kapena IHI ndi yabwino, koma mukanakhala ndi ndalama zake simukanawerenga izi. Kwa ife kwatsala njira zitatu.

Imene ndimaikonda ine ndi katiriji. Ogulitsa amailemba CHRA kapena core. Umenewu ndi mtima wa turbo: shafiti, timagudumu tonse tiwiri ndi mabelingi, zomangidwa kale komanso zoyezedwa balansi pamakina. Inu mumangoiveka zigoba ziwiri za turbo yanu yakale, cha ku utsi ndi cha ku mpweya. Mtengo wake umatsika kwambiri poyerekeza ndi turbo yathunthu. Imatheka pokhapokha zigoba zanu zili zosang'aluka ndi zosadyeka m'kati.

Yachiwiri ndi turbo ya kaunjika, yochotsedwa pa injini zochokera ku Japan, Dubai kapena South Africa, zimene mumazipeza ku Limbe ndi ku Ndirande. Yeniyeni yakale imene ili bwino imaposa yatsopano yopanda dzina. Koma musatume kondakitala wa minibasi kuti akugulireni. Pitani nokha, yanu yakufayo ili m'thumba la saka, mukaziike pamodzi muone ngati mabowo ndi mapaipi akufanana. Iyeseni ndi zala monga ndanenera. Suzumirani pabowo lolowera oyilo ndi tochi ya foni. Mukaona makala ouma, isiyeni. Yochapidwa mpaka kuwala ngati mbale ya mlendo muikayikire kuposa yakuda. Ndipo mugwirizane ndi wogulitsa masiku obweza, alembe pa lisiti.

Yachitatu ndi turbo yathunthu yatsopano yopanda dzina la kampani. Zina zimakhalitsa, zina mwezi sizimaliza, ndipo poziona kunja simungasiyanitse. Pa 1KD ndiye ndimakaniratu, chifukwa timamota take tamagetsi nthawi zambiri sitimvana ndi kompyuta ya galimoto.

Chimene musagule ndi kapaketi ka mabelingi ndi masilo okha kuti mumange nokha pansi pa mtengo. Mukamasula nati ya pa shafiti, balansi yapita, ndipo pa liwiro lija kulemera kwa kamchenga kamodzi kumbali imodzi n'kokwanira kudya mabelingi.

Pogula chilichonse musanene kuti "ya Hilux" basi. Pa chigoba cha ku mpweya pali kambale kapena nambala yodinda. Ya Toyota imayamba ndi 17201. Ijambuleni. 2KD ndi 1KD zimaoneka zofanana mukatsegula boneti, koma turbo zake n'zosiyana. Pa ndalama zanu patulanipo za izi musanagule china chilichonse: oyilo wa dizilo wa 15W-40 wosindikiza m'chigubu chake, fyuluta ya oyilo, fyuluta ya mpweya, magasiketi a turbo, mawashala a kopa atsopano, palafini, ndipo ngati ikupezeka, paipi yatsopano yobweretsa oyilo. Ndalama zikakana kukwanira zonsezi pamodzi ndi turbo, imikani galimoto mudikire. Kuika turbo pa oyilo wakale n'kutaya ndalama mu Shire.

3. Kumasula yakale

Madzulo a dzulo lake thirani WD-40 kapena dizilo pa manati onse a ku ekizozi, agone akumwa. Ntchito iyambe mbandakucha. Kuno mu Okutobala ikakwana 10 koloko sipanala imene yakhala padzuwa simungaigwire. Chotsani waya wa negetivu pa batire. Jambulani zithunzi musanamasule paipi iliyonse, makamaka timapaipi ting'onoting'ono.

Manati a ku ekizozi ndi amene amaliza anthu. Gwiritsani soketi ya makona 6, osati sipanala yotsegula kukamwa. Nati ikalimba musaidumphire ndi chipaipi: imangeni pang'ono kaye, kenako bwezani, thirani mafuta, bwerezani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sitadi, bawuti yopanda mutu imene natiyo imamangirapo, ikathyokera m'manifodi (chitsulo chotolera utsi ku injini), ntchito ya tsiku limodzi yasanduka ya masiku atatu ndi ulendo wopita kwa owotcherera. Turbo zina zili ndi mapaipi a madzi a rediyeta, ndiye khalani ndi beseni pafupi. Bowo lililonse limene mwatsegula litsekeni ndi nsalu yoyera, ndipo muwerenge nsaluzo kuti pomanga zituluke zonse.

4. Pezani chimene chinaipha

Apa ndi pomwe ambiri amalumpha, poti palibe chogula chooneka ndipo ntchito yake ndi yakuda. Koma pa zonse ndalemba, gawo ili ndi limene likupulumutseni.

Ikani turbo yakufayo pa katoni muiyang'anitsitse. Mapiko a ku mpweya akakhala osalala m'mphepete ngati apalidwa ndi sandipepa, ndi fumbi. Akakhala opindika kapena obenthuka, inameza chinthu: kanati, kachidutswa ka fyuluta, kamwala. Shafiti ikakhala yabuluu ngati chitsulo chopsa, inasowa oyilo. Ikakhala ndi mizere yokandika, oyilo ankafika koma wauve. Makala olimba kumbali ya ku utsi amatanthauza kuti galimoto inkazimitsidwa ikadali yotentha, oyilo n'kumapsera m'kati.

Ngati ndi fumbi, tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya mupititse chala kumbali yoyera, yopita ku turbo. Chala chikatuluka ndi fumbi, pali polowera: bokosi losweka, chivindikiro chosatseka, paipi yong'aluka kunsi komwe simuona, kapena fyuluta imene anyamata a pamalo opopera matayala akhala akuiuzira ndi kompuresa mpaka pepala lake kubooka. Galimoto zimene zinawoloka madzi osefukira nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 zina mpaka pano zili ndi matope ouma pansi pa bokosilo. Chapani zonse, ndipo paipi yaikuluyo muigwedeze, kachidutswa kamene kanapha yoyamba kamatha kubisala m'makwinya ake.

Tsopano njira ya oyilo. Kapaipi kachitsulo kobweretsa oyilo n'kakang'ono ndipo kamadutsa pafupi ndi ekizozi, choncho m'kati mwake mumamera makala mpaka bowo kutsala ngati la singano. Ngati simunapeze katsopano, kavikeni mu palafini usiku wonse, pititsani waya wofewa, uzirani ndi mpweya, bwerezani mpaka palafini azituluka woyera ndi mwamphamvu. Bawuti yobooka pakati imene imamanga kapaipika, imene timaitcha banjo, nayonso ichapeni. Zina zimakhala ndi kasefa m'kati. Paipi yaikulu yobwezera oyilo ku sampu (chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini) isakhale yopindika kapena yotsekeka, chifukwa oyilo amatsika yekha popanda chomukankha. Akasowa kopita amatulukira m'timagudumu, inu n'kumati turbo yatsopano ikudontha. Breather yotsekeka, kapena injini imene marin'gi a mapisitoni ake atha ndipo ikupuma utsi wambiri mukatsegula pothirira oyilo, imachitanso chimodzimodzi. Injini yotero ngakhale muike turbo yochokera m'bokosi, utsi wabuluu sutha.

Kenako tsitsani sampu. Ndikudziwa, palibe amene amafuna. Koma kasefa ka pampu ya oyilo kali mmenemo, ndipo kakatsekeka injini yonse imakhala ndi njala ya oyilo, turbo ndi imene imayamba kugwa. Pa 1KD vutoli n'lodziwika: mawashala a pansi pa mainjekitala akayamba kudutsitsa utsi, mwaye umalowa mu oyilo n'kuundana pa kasefako ngati phala lopserera. Mukapeza zotere, sinthaninso mawashala a mainjekitala, apo ayi kadzatsekekanso. Tizitsulo tonyezimira pansi pa sampu tikuuzani kuti vuto lapitirira turbo, ndipo ndi bwino kudziwa musanawononge ndalama. Oyilo akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi.

Mukabwezera sampu, ikani fyuluta yatsopano ndi oyilo watsopano, ndiye muone ndi maso anu kuti oyilo akufika. Mangani kapaipi kobweretsa oyilo kumbali ya injini kokha, mbali inayo ilowe m'botolo. Letsani injini kulira: pa D-4D zulani mapulagi a mainjekitala kapena fyuzi ya EFI, pa injini zakale za pampu chotsani waya wa solenoidi yozimitsira. Bwezerani waya wa batire uja, wina azungulitse sitata masekondi 10 mpaka 15, apumitse, abwereze. Oyilo azituluka mosadukiza, osati madontho. Akapanda kutuluka bwino, musaike turbo. Vuto lili ku pampu kapena m'njira za m'injini.

5. Intercooler ichoke, ichapidwe

Intercooler ndi karediyeta kaja kamene kamaziziritsa mpweya wochokera ku turbo. Turbo ikamafa imalavulira oyilo mmenemo, ndipo injini ya dizilo imatha kuyendera oyilo ngati mafuta.

Ndinaphunzira ndi mantha. Zaka zapitazo bambo wina wogula mbuzi cha ku Ngabu anandikakamiza kuti Hilux yake ituluke tsiku lomwelo poti mawa lake kunali msika. "Achimwene, zochapachapazo tidzapanga ndikabwerako." Ndinamvera. Titapita kokayesa, nditangoponda moto pa giya 3, injini inakuwa yokha. Ndinachotsa phazi, ikukwerabe. Ndinazimitsa kiyi mpaka kuizula, ikukuwabe, utsi woyera utatseka msewu wonse, amayi ogulitsa masawu m'mbali mwa msewu atathawa kusiya malichero. Ndinaponda kilachi, kuika giya 5, kuponda buleki ndi mphamvu zonse n'kusiya kilachi mwadzidzidzi, ndi pomwe inazima. Mwini wake anali atatsika kale, sindikudziwa nthawi yanji. Titachotsa intercooler, oyilo amene anatuluka anadzaza botolo la theka la lita n'kutsalako.

Ndiye ichotseni, ipendekeni oyilo atuluke, thirani palafini, tsekani mbali zonse ndi manja, khutchumulani, tayani, mpaka atuluke woyera. Tsirizani ndi madzi otentha a sopo waufa, tsukuluzani, muiyanike padzuwa kukamwa kutayang'ana pansi. Dzuwa la kuno pa ntchito iyi yokha ndi bwenzi. Iume kwathunthu, isatsale ndi madzi kapena fungo la palafini. Petulo musagwiritse ntchito. Ngati mapiko a turbo yakale anathothoka, igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva tizitsulo timene sitikutuluka, pezani ina. Mapaipi ake onse apukuteni m'kati.

Zoti injini ikukuwa yokha zija zikadzakuchitikirani pa galimoto ya otomatiki, njira ya giya siigwira. Tsekani polowera mpweya ndi thabwa lathyathyathya. Osati dzanja, osati nsalu, imameza.

6. Kuveka katiriji m'zigoba

Amene mwagula yathunthu dumphani apa. Enanu, musanamasule kalikonse kandani mzere ndi msomali kuchoka pa chigoba kufika pa mtima wa turbo, mbali zonse ziwiri, kuti mudziwe mmene zinakhalira. Ikakhala pagalimoto, bowo lolowera oyilo liyang'ane kumwamba, lotulukira pansi. Chigoba cha ku utsi chimakhala chitagwirana ndi dzimbiri. Chimenyeni pang'onopang'ono ndi hamala ya kopa kapena kudzera pa mtengo, mozungulira, chituluke mowongoka. Palani mwaye ndi dzimbiri pomwe katiriji ikhale mpaka pasalale. Pa turbo za timapiko toyenda, chapani timapikoto mpaka tiziyenda ndi chala chimodzi, onetsetsani kuti kapini kolondolera kalowa pamalo pake, ndipo kasikuluwu koimitsira ndi utali wa kandodo ka actuator (kachipangizo koyendetsa timapikoto) musazikhudze, zinayezedwa kufakitale. Polowetsa katiriji yatsopano mapiko asagunde khoma ngakhale pang'ono. Mangani mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono, mukuzungulitsa shafiti ndi chala. Ikayamba kukhula penapake, masulani muyambirenso.

7. Kumanga ndi kuimwetsa oyilo

Tulutsani nsalu zija, muwerenge. Magasiketi akhale atsopano, mawashala a kopa atsopano mbali zonse za banjo. Silikoni pa mabowo a oyilo ayi, ngakhale pang'ono: imafinyikira m'kati, kachidutswa n'kukatseka njira ya ku mabelingi. Musanamange kapaipi ka pamwamba, thirani oyilo woyera pabowo lolowera ndi sirinji kapena kabotolo mpaka adzaze, mukuzungulitsa kagudumu ndi chala. Mangani, ndipo injini ikadali yoletsedwa kulira zungulitsaninso sitata mpaka nyale ya oyilo pa dashibodi izime. Pamenepo bwezerani fyuzi kapena mapulagi. Nyale ya injini ikatsala yoyaka chifukwa cha mapulagi munazula aja, wa kompyuta aifufuta.

8. Kuliza koyamba ndi masiku otsatira

Lizani osaponda moto. Ilire yokha mphindi 5 mpaka 10 inu mukusuzumira ndi tochi pa banjo, pa paipi yobwezera oyilo ndi pa mapaipi a madzi. Pali anyamata amene galimoto ikangolira amaponda moto mpaka pansi kuti bwana amve kuti yachira. Ameneyo mulandeni makiyi. Utsi wabuluu ukhalapo kwakanthawi poti mu ekizozi munatsala oyilo wakale, umatha mukayenda. Ukapitirira tsiku lonse, bwererani ku paipi yobwezera oyilo ndi breather.

Ulendo woyamba ukhale wa pamalo athyathyathya, Nchalo kupita ku Ngabu n'kubwerako, opanda katundu. Phiri lija lidikire mawa, mutaonanso mulingo wa oyilo ndi makilampu. Mukayenda makilomita pafupifupi 1,000 sinthaninso oyilo ndi fyuluta, kuti zotsalira za turbo yakale zituluke. Kuchoka apo, ndi fumbi ndi kutentha kwa kuno, ine sindipitirira makilomita 5,000, ndipo oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu wosadziwika kochokera sindithira.

M'mawa mukaliza, dikirani kamphindi oyilo akwere musananyamuke. Mukamaliza kukwera phiri ndi matumba a chimanga kapena mbuzi kumbuyo n'kufuna kuima pamwamba, musazimitse nthawi yomweyo. Isiyeni ilire yokha mphindi 2 kapena 3. Nthawi imeneyo chigoba cha ku utsi chimakhala chitatentha madigiri mazanamazana, ndipo mukazimitsa, oyilo amaima pomwepo n'kupsa kukhala makala aja munawaona pa shafiti.

Turbo yakufayo musagulitse kwa ogula zitsulo. Ipakeni oyilo, ikulungeni m'pulasitiki muisunge. Zigoba zake, actuator ndi kamota ka 1KD kaja ndi zinthu zimene tsiku lina mudzazisaka ku Ndirande konse osazipeza zokhazokha.